Chipanda Chosalawa

Kumudzi kwathu, kuseri kwa Santhe, amandinena kuti ndine nkhalamba yokayikira ngakhale mthunzi wake womwe. Sindikana. Zaka za makuponi zija, thumba la feteleza ndinkalimasula pomwepo pogulira, n'kulowetsa mkono mpaka m'chigongono kuti ndimve ngati pansi pake sanaikepo mchenga, anthu a pamzere akung'ung'udza kumbuyo kwanga. Pampanda wanga ndinasiyapo dala kampata koonera kunja. Ndipo chakumwa cha munthu wina sindimwa mwini wake asanayambe walawa ine ndikuona. Umenewu ndi mwambo wa makolo: wopereka chipanda amayamba wamwako yekha, kusonyeza kuti mulibe kanthu. Ana a lero amauseka. Ine sindiseka nawo.

Sindinabadwe wotere. Mwana wanga wamkazi anadwala masiku awiri okha n'kumwalira, kundisiyira kamtsikana kongoyamba kumene sukulu. Ena anati malungo, ena anati anamudyetsa, ena ankangonong'onezana. Tinamuika osadziwa, ndipo mpaka lero sindidziwa. Kusadziwako ndi komwe kunandiumitsa mtima.

Kamtsikanako ndinakalera ndi fodya wa bale ndi mtedza. Kanakula, kanakhoza, kanapita ku Lilongwe kukaphunzira za chipatala. Nditamva kuti mdzukulu wangayo wasankha kupitiriza ku Blantyre kuti akaphunzire kupima mitembo, ndinadwala mutu. Amayi a kumpingo ankabwera kudzandipepesa ngati pagwa zovuta.

"Sukulu yonse ija kuti azikang'amba akufa? Nanga mwamuna womukwatira adzachokera kuti?"

Atabwera kutchuthi, masiku oyamba ndinkamupatsa mbale yakeyake, ndipo akamasamba m'manja ndinkamuyang'anitsitsa. Iye ankangoseka. Tsiku lina tikusoka fodya m'chigafa, ndinamufunsa.

"Ndiye kumeneko amakuphunzitsani chiyani, kunola mipeni?"

"Mpeni umabwera pomaliza, agogo. Miyezi yoyamba sanandilole n'kuugwira komwe. Yanga inali kuyang'ana ndi kulemba, kuyambira zovala, kenako tsitsi mpaka zikhadabo za kumapazi."

Anandiuza kuti tsiku lina mphunzitsi wake, dokotala wamkulu, anamung'ambira pepala pamaso pa anzake. Iye anali atalemba kuti munthu anamenyedwa ndi mpini wa khasu, chifukwa wapolisi amene anabwera ndi mtembowo ananena choncho. Mphunzitsiyo anamufunsa ngati mpiniwo anauona. Anamuuza kuti alembe chomwe maso ake aona: bala lili pati, ndi lotalika bwanji, m'mbali mwake mukuoneka bwanji. Za wapolisi zikhale za wapolisi, za abale zikhale za abale.

"Ndiye kuti wapolisi simumukhulupirira?" ndinafunsa.

"Timamumvetsera, koma mawu ake sitiwalemba ngati athu."

"Nanga anamfedwa?"

"Chimodzimodzi."

"Nanga iwe mwini wake?"

"Ine ndiye kwambiri, agogo. N'chifukwa chake sugwira wekha. Ndipo chilichonse chomwe watenga m'thupi umachitsekera m'botolo, n'kumata, n'kulembapo, wolandira nayenso n'kusainira. Botolo likangokhala pamalo popanda woliyang'anira, latha ntchito."

Ndinaika fodya pansi. Zaka zonsezi anthu akunditcha woipa mtima, chonsecho ku Blantyre khalidwe langali amakhalira nalo m'kalasi! Iye anawonjeza kuti chomwe chimawavuta kwambiri ndi ife a kumudzi. Munthu akafa modzidzimutsa timathamangira kumusambitsa, kumuvula, kusesa pomwe wasanza ndi kutsuka ziwiya, ndiye iwo akamafika umboni wonse wapita ndi madzi. Mawu amenewo ndinawamanga pamtima ngati ndalama pansonga ya chitenje.

Patapita zaka zingapo, iye atayamba ntchito pachipatala cha kuboma, zinandigwera pakhomo panga penipeni.

Alongo anga, amene anali mwini mbumba yathu, anali m'komiti yolemba mayina a olandira makuponi. Kumapeto kwa mudzi kunali mayi wina wa ku Phalombe. Anabwera ndi mwamuna wake kudzachita utenanti paesiteti ya fodya, mwamunayo anamwalira, iye n'kutsala ndi ana atatu pakamunda komwe alongo anga anamubwereka. Chaka chimenecho makuponi anabwera ochepa, ndipo dzina lake linagwa chifukwa anali wobwera. Tsiku loitana mayina pabwalo la sukulu, mayi uja anaimirira n'kuloza alongo anga.

"Bambo, feteleza ameneyu inunso simudzamuthira!"

Anthu onse anamva. Inenso ndinamva, ndipo ndinasunga.

Patapita masiku anayi, masana dzuwa la Novembala likuswa mtengo, alongo anga anabwera kuchokera kudambo kothirira nazale ya fodya n'kukhala pansi pa mango. Ndili pakampata kanga kaja, ndinaona mayi uja akubwera ndi chipanda chovundikira ndi kambale. Anagwada, analankhula pang'ono, n'kupereka ndi manja awiri. Sanalawe. Ndinaona bwinobwino, mlomo wake sunakhudze chipandacho. Ndisanatsegule pakamwa, alongo anga anali atapendeketsa kale, ludzu la kudambo. Anamwa thobwalo mpaka kutsala pang'ono pansi, anaika chipanda pambali, mayi uja n'kumapita.

Mthunzi wa mango usanasunthe kwenikweni, anagwira mutu n'kukuwa. Anasanza, anagwa chammbali. Pomwe ankamanga ng'ombe pangolo kuti awathamangitsire kuchipatala, anali atatisiya.

Mudzi wonse unali ndi liwu limodzi: tameki, mankhwala ophera makoswe aja. Mwana wamkulu wa alongo anga, bambo wa ndevu zake, anatulukira ndi chikwanje, anzake akumutsatira, ulendo wa kumapeto kwa mudzi.

Ndinene zoona. Inenso ndinalibe chikayiko kuti mayi uja wapha alongo anga. Koma sindinkafuna kuti afere m'manja mwa anthu n'kupita ndi nkhani yake, kapena athawire kwawo ife n'kutsala tikungoganiza monga ndinatsalira pa mwana wanga. Ndinkafuna akayankhe pamaso pa woweruza, ndi pepala. Ndiye misozi ndinaiuza kuti idikire. Ndinatola chipanda chija ndi thobwa lotsalamo, ndinachimanga m'jumbo, ndinachitsekera m'bokosi langa, kiyi n'kumuvala pakhosi. Pomwe anasanza ndinavundikirapo beseni n'kutsindira ndi mwala. Kenako ndinadutsa njira yachidule ya m'munda, ndinawapitirira amuna aja, n'kumupeza mayiyo akulira pakhonde. Ndinamukoka padzanja pamodzi ndi ana ake mpaka m'nyumba mwanga, n'kukhoma.

Amunawo atapeza nyumba yopanda munthu anaisasula denga, kenako anabwera kwa ine.

"Azakhali, mukubisa mfiti?"

"Sindikubisa, ndikusunga. Ukamudula ndi chikwanjecho, mafunso udzafunsa ndani?"

"Mafunso a chiyani? Inu nomwe mwaona!"

"Ndaona. N'chifukwa chake ndi wanga. Akathawa mudzandifunse ine."

Anatukwana chapansipansi, koma pakhomo panga palibe amene analowapo popanda ine kumuuza, ndipo tsiku limenelo silinali loyambira.

Nkhondo yachiwiri inali kusiwa. Kunja kunali kotentha, ndipo amuna okonza maliro anafuna kusambitsa thupi msanga kuti mawa lake tiike. Anafika ndi ndowa zawo n'kundipeza nditakhala pakhomo, miyendo nditatambasula. Mkulu wawo, munthu amene tinakulira limodzi, anandilankhula mofatsa.

"Mayi, mwambo mukuudziwa. Pano si pokhala akazi tsopano. Tipatseni mpata tiwakonze achimwene anu."

"Mwambo ndikuudziwa kuposa inu. Koma thupi ili madzi saligwera, ndipo malaya amenewo savulidwa."

"Mukufuna agone ndi masanzi? Anthu adzatinena ife."

"Adzandinena ine. Anazolowera."

Amayi amene ankalira m'katimo anayamba kulira mondinena, kuti mlongo wanji wokaniza mlongo wake madzi. Zinandilasa, koma sindinasunthe. Ndinatulutsa kafoni komwe mdzukulu wanga anandigulira n'kumuimbira ndili pomwepo.

"Agogo ako aamuna atisiya. Awadyetsa tameki. Bwera udzawapime, uwaonetse anthuwa."

Analira kaye. Kenako mawu ake anasintha, anakhala a kuntchito. Anandifunsa ngati thupi lasambitsidwa, ndinati ayi. Chomwe anamwera chili kuti, ndinati chili m'bokosi, kiyi ali pakhosi. Masanzi, ndinati ali pansi pa beseni.

"Agogo, mwachita zomwe anthu ophunzira amalephera. Tsopano tumizani munthu kupolisi, chifukwa iwo ndi amene amapempha kuti thupi lipimidwe. Koma mundimvetse. Ine thupi limenelo sindiligwira."

"Wati chiyani?"

"Ndi agogo anga. Ndikapeza poizoni, adzati ndakondera abale. Ndikapanda kumupeza, adzati ndabisa. Adzapima ndi akulu anga a kuntchito."

"Ndinakulera ndi fodya wanga kuti tsiku ngati lalero undikane? Munthu amene ndingamukhulupirire padziko pano ndiwe wekha!"

"Munandilera kuti ndisamamwe chosalawa, agogo. Pepala lolembedwa ndi mdzukulu wa malemu palibe angalimwe."

Ndinadula foni ndi mkwiyo. Koma mkwiyowo unali ndi kanthu kena pansi pake, kofunda, komwe ndinakana kukayang'ana tsiku limenelo.

Apolisi anafika dzuwa litapendeka. Anatapa za pansi pa beseni, anatenga mayi uja kuti akamufunse, ana ake n'kutsala kwa ine. Chipanda ndinakana kupereka. Ndinakwera nacho galimoto yonyamula thupi, chili pamiyendo panga, mpaka kuboma. Kumeneko ndinaimirira pompo thobwa lija likuthiridwa m'botolo, botolo likumatidwa, wapolisi akusaina, dokotala akusaina, inenso ndikudinda chala. Wapolisiyo anaseka, anati akanakhala ndi mboni khumi ngati ine akanapuma msanga pantchito.

M'mawa mwake anapima. Mwana wa alongo anga uja analowa nawo ngati wachibale, kuti azindikire thupi ndi kuona ndi maso ake. Mdzukulu wanga, amene ntchito imeneyo amaigwira m'chipinda chomwecho sabata ndi sabata, anakhala nane panja pabenchi atavala chitenje ngati namfedwa wina aliyense. Anzake ovala zoyera akamadutsa ankamupatsa moni waulemu, iye n'kumangoyankha chamunsi. Sanasuzumire n'komwe pakhomo.

Pofika masana, dokotalayo anatiitana. Anali bambo wachikulire, wolankhula Chichewa chokokera ku Chitumbuka. Mwana wa alongo anga anali atakhala kale pampando, nkhope itagwa.

"Amama, mtsempha wa magazi unaphulika m'mutu mwa achimwene anu. Tapeza magazi oundana ochuluka ngati chibakera cha mwana, ndipo bambo awa aona. Mtima nawonso ndi wokula, umene timauona mwa munthu amene magazi ake akhala akuthamanga kwa zaka."

"Nanga thobwa?"

"M'mimba sindinaone timibulu ta tameki, sindinamvenso fungo lachilendo. Koma mphuno yanga si umboni. Magazi, za m'mimba ndi thobwa lanu lija tatumiza ku Lilongwe. Mpaka ayankhe, za poizoni sindilemba kanthu."

Munthu wosakhulupirira mphuno yake yomwe! Ndinayamba kumuona bwino bambo ameneyo. Kenako anafunsa ngati malemu ankamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Alongo anga anapatsidwa mapilisi amenewo chaka chapitacho. Amene ankawanyoza tsiku ndi tsiku ndinali ine. Ndinkati mankhwala anji omwa osaleka, osachira, aulerenso? Pofika nthawi yokolola anali atawaponya patsindwi.

"Anasiya," ndinatero. "Ndinawauza ndine."

Titatuluka ndinamugwira mdzukulu wanga pamkono.

"Iwe mwana, ndiuze. Ndawapha ndine?"

Mwana wina akanandinamiza kuti mtima ukhale pansi. Iye anandiyang'ana m'maso.

"Sindinganene kuti akanamwa sakanafa, agogo. Sindinganenenso kuti akanafabe. Zimenezo palibe anaziona. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mapilisi aja amathandiza, ndipo inunso ulendo uno musanakwere galimoto ndikuyezani."

Anandiyezadi, ndipo anandipeza nawo matenda omwewo.

Tinawasambitsa alongo anga mochedwa ndi masiku awiri, n'kuwaika mwaulemu wonse. Apolisi anamutulutsa mayi wa ku Phalombe, koma anamuuza kuti asachoke m'mudzi mpaka yankho la ku Lilongwe litabwera. Nyumba yake inalibe denga, ndipo panalibe khomo lina lomwe likanamulandira. Anabwerera kwa ine. Anthu ena anayamba kunditama kuti ndine wachifundo. Chifundo chanji? Ndinkamulondera. Kumphika sindinkamulola kuyandikira, mtsuko wa madzi akumwa ndinaulowetsa kuchipinda kwanga. Iye ankasesa, ankalima nane mizere, osadandaula.

Tsiku lina tikubzala chimanga mvula yoyamba itagwa, ndinamufunsa funso lomwe linkandidya.

"Unabweretseranji thobwa kwa munthu amene unamutemberera pagulu?"

"Amayi a kumpingo anandiuza kuti ndinalakwa, ndikapepese. Ndinalibe nkhuku, agogo. Ndinali ndi chimera chokha."

"Nanga osalawa bwanji? Kwanu kulibe mwambo umenewu?"

Anaika khasu pansi, anakoka mlomo wake wam'munsi ndi zala. M'katimo munali zipsera za zilonda zongopola kumene.

"Sabata imeneyo m'kamwa monse munali zilonda. Ndinachita manyazi kuika mlomo wotere pachipanda chomwera bambo."

Mawu ndi mawu, ndipo zilonda sizitsuka munthu. Ndinadikirabe pepala.

Linabwera chimanga chitafika m'mawondo. Wapolisi anadza panjinga yamoto n'kuliwerenga pansi pa mango womwe uja, abale ndi anthu a m'mudzi atasonkhana. Mdzukulu wanga anabweranso, koma anakhala pamphasa pakati pa amayi. M'magazi munalibe poizoni. M'mimba munalibe. M'thobwa munalibe. Mayi uja anagwa chafufumimba n'kuyamba kulira, ana ake atamukangamira.

Koma mwana wa alongo anga anali asanathe.

"Ulendo wa ku Lilongwe ndi wautali. Tidziwa bwanji kuti thobwa lomwe anapima ndi lomwe bambo anamwa? Mwina linasinthidwa."

Anthu ena anagwedeza mitu movomereza. Apa ndinaimirira, ndinatulutsa kiyi uja, amene anali adakali pakhosi panga.

"Chipanda ndinatola ndine, malovu a bambo ako asanaume. Ndinakhoma ndine. Ndinachinyamula pamiyendo mpaka kuboma, botolo linamatidwa ine ndikuona, chala changa chili papepalalo. M'mutu mwa bambo ako unaonamo wekha. Tsopano tauza anthuwa: amene anandipusitsa ine ndani, ndipo anayamba liti?"

Mkulu wa okonza maliro uja ndi amene anayamba kuseka.

"Mayi awa? Amene amapima thumba la feteleza mpaka m'chigongono? Mwana iwe, khala pansi."

Anthu anaseka, pamalo pomwe panali pasanamveke kuseka chichitikire maliro. Mwana wa alongo anga anakhala pansi. Akanakhala kuti chipandacho anasunga munthu wina wa mtima wabwino, wokhulupirira anzake, nkhaniyo bwenzi ikunong'onedwabe mpaka lero, ndipo mayi uja bwenzi atathawa. Koma anasunga ndine, amene ndinkafunitsitsa kuti apezeke wolakwa, ndipo mudzi wonse unkadziwa zimenezo.

Monga wamkulu wotsala pambumba, ndinalamula zinthu ziwiri. Amene anasasula denga akalifolere ndi udzu wawo. Ndipo pa matumba awiri a makuponi omwe alongo anga anasiya, limodzi lipite kumapeto kwa mudzi. Ndinalimasula ndekha, ndinalowetsamo mkono, kenako mwana wa alongo anga analikweza panjinga yake n'kukalitula yekha. Linafika mochedwa, komabe chimanga chake chinabereka.

Madzulo a tsikulo, mdzukulu wanga asanakwere kabaza kubwerera kuboma, ndinamuikira chakudya m'mbale imodzi ndi ine. Anayang'ana mbaleyo, anandiyang'ana ine, kenako anayamba kudya. Amayi a kumpingo aja masiku ano akamva kuti wabwera amadzera pakhomo, ati kudzangopereka moni kwa adokotala. Ndimawauza kuti moni ndi waulere, koma akumbukire zomwe ananena, chifukwa ine sindinaiwale.

Mapilisi anga ndimamwa m'mawa uliwonse, ngakhale kuti paketi iliyonse yatsopano ndimaisunga kaye mpaka iye aiwerenge. Mayi wa ku Phalombe adakali m'mudzi muno, ana ake anakula. Nthawi yotentha amandibweretsera thobwa. Amagwada, amakweza chipanda, amamwa kwa nthawi yaitali maso ali pa ine, kenako amapukuta m'mphepete ndi chikhatho n'kundipatsa.

"Mwaona, agogo?"

"Ndaona."

Ndimachiika pansi kaye, timacheza pang'ono za mvula ndi mitengo ya fodya, iye akudziwa bwino lomwe chomwe ndikudikira. Akakhala kuti adakali chikhalire, ndimamwa.